Lilongwe wa Munthu Woyenda Pansi

Anthu ambiri amanena kuti Lilongwe ndi mzinda wopanda mbiri. Amati mbiri inatsala ku Zomba, kapena ku Blantyre kumene kuli Mandala House ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels. Ine maganizo amenewa ndimawatsutsa. Mbiri ilipo, koma mzindawu timauonera pazenera la minibasi.

M'mizinda ngati London mlendo amangoika pulogalamu m'foni, nayamba kuyenda yekha. Akafika panyumba yakale foniyo imamuuza amene anaimanga ndi chaka chake. Mphwanga, yemwe akuphunzira za makompyuta, akufuna kukonza yotereyi ya Lilongwe, ndipo wandipempha kuti ndimulembere njira yake.

Ndamuuza kuti ayambire ku Old Town, pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Boma la atsamunda linakhazikika m'dera limeneli cha m'ma 1904, ndipo malowa anavomerezeka kukhala tauni mu 1947. Munthu akaima pamlathowu amaona mmene azungu anagawira anthu. Kumadzulo, kumtunda kwa Area 3, kunali maofesi a boma ndi nyumba za azungu za makonde aakulu. Kum'mawa kunali masitolo a amwenye, msika, ndi ife eni nthaka. Ngakhale chipatala cha anthu akuda chinkatchedwa Bottom, kusonyeza kuti chinalipo china cha kumtunda. Lero chipatalachi ndi Bwaila, koma amayi achikulire akunenabe kuti anachirira ku Bottom. Dzina limenelo lisasowe m'foni.

Kuchoka apo ulendo umavuta, ndipo kuvutako ndi mbiri kale. Dr. H. Kamuzu Banda ataganiza zosamutsa likulu mu 1965, dziko la Britain linakana kupereka ndalama. Linathandiza ndi dziko la South Africa, pa nthawi ya tsankho, ndi ngongole ya marandi 8 miliyoni, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968. Amene anajambula mapu a mzinda watsopano anachokeranso komweko. Iwo analingalira za mzinda wa mitengo ndi misewu ya galimoto: mabwana kumpoto, kufupi ndi Capital Hill, antchito wamba kutali, pakati nkhalango ya mtsinje wa Lingadzi. Mesenjala wa ku Kawale sanali m'maganizo mwawo, ndipo mpaka lero ndiye amadzuka m'mamawa kuposa bwana wake wa ku Area 10.

Lilongwe anakhala likulu mu 1975, koma kusamuka kunatenga nthawi. Aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba kwa zaka zambiri. Atabwera kuno anayamba abwereka New State House, ndipo nyumba yawoyawo, yomangidwa ndi dziko la China, inatsegulidwa mu 2010. Pafupi nayo pali chiliza cha Kamuzu, cha mu 2006. Koma ine nyumba imene imandiimitsa ku City Centre ndi ya Reserve Bank, yochepa pansi n'kumakula kumwamba ngati nkhokwe. Imaonetsa mtima wa zaka zimenezo, pamene dziko laling'ono linkafuna kuoneka lolimba.

Mphwangayo amafuna kudumpha Area 12, akuti kulibe choona. Ndakhala kuno zaka zingapo m'nyumba ya boma, ndipo ndikudziwa kuti choona chilipo, kungoti chabisika. Nyumba za m'ma 1970, zopanda chipinda chosanja, za mabwalo aakulu ndi kanyumba ka wantchito kuseri, zili mkati mwa mipanda ya njerwa. Zina akuzisandutsa maofesi ndi malo ogona alendo, zina akuzigwetsa. Kanyumba ka kuseriko kamanena zambiri za amene ankaphika ndi kusesa m'likulu latsopano, koma sindikuona amene angakatchule kuti ndi chinthu chofunika kusunga.

Mu 2021 mitengo ya m'mbali mwa Kenyatta Drive inadulidwa pokulitsa msewu. Anthu anadandaula, koma inagwa ndithu. N'chifukwa chake ndalangiza mphwanga kuti asanalembe chilichonse pakompyuta, atenge foniyo akajambule zithunzi, kuyambira masitolo akale a ku Malangalanga, ndipo akacheze ndi amisiri okalamba amene anamanga nawo Capital Hill. Ena a iwo akadali moyo ku Mchesi ndi ku Chilinde.