Masamu a Napier ndi botolo la ku Leiden

John Napier, mwini malo wa ku Merchiston pafupi ndi Edinburgh, analibe nawo ntchito magetsi. Chomwe chinkamuwawa chinali thukuta la akatswiri a nyenyezi, omwe ankachezera kuchulukitsa manambala ataliatali ndi cholembera. Adalimbana nalo vutoli zaka pafupifupi 20, ndipo mu 1614 adatulutsa buku la matebulo a logarithm. Ndi matebulowo, kuchulukitsa kudasanduka kuwonkhetsa, kugawa kudasanduka kuchotsera. Henry Briggs wa ku London adachita ulendo kukamuwona mu 1615, nagwirizana zokonza matebulo oyenderana ndi nambala 10.

Magetsi adabwera panjira yawoyawo. Mu 1745 Ewald von Kleist, kenako Pieter van Musschenbroek wa ku Leiden, adapeza kuti botolo lagalasi limatha kusunga magetsi, ndipo onse awiri adazindikira izi atanjenjemeretsedwa nalo. Botololi ndilo kholo la kapasita yomwe ili mu wailesi, mu TV ndi mu chaja ya foni, ija imachititsa kanyali ka chaja kuzilala pang'onopang'ono mukaizula pasoketi.

Kapasita imakhuthula magetsi ake ngati ndowa yobooka pansi: ikadzaza madzi amathamanga, akamachepa amangodontha. Lamulo la Georg Ohm la mu 1827 litadziwika, khalidweli lidatheka kulembedwa m'masamu, ndipo mu 1853 William Thomson, yemwe pambuyo pake adatchedwa Lord Kelvin, adasanthula mozama momwe botolo la ku Leiden limakhuthulira. Lero ophunzira amalemba V = V₀e^(−t/RC). Apa V₀ ndi mavoti oyambira, V ndi otsala pakatha nthawi t, R ndi kukula kwa resistor yomwe magetsi akudutsamo, ndipo C ndi kukula kwa kapasita. Chilembo e ndi nambala 2.718 ndi kanthu, yomwe Jacob Bernoulli adakumana nayo mu 1683 akuwerengera chiwongoladzanja, Leonhard Euler nadzaipatsa chilembocho.

Vuto nlakuti nthawi, t, yakhala pamwamba pomwe kugawa kapena kuchotsera sikufika. Woitsitsa ndi logarithm basi. Mumagawa mbali zonse ndi V₀, nkutenga ln (logarithm yoyenderana ndi e) uku ndi uku, e nkuchoka, ndipo mukakonza chizindikiro chochotsera chija mumatsala ndi t = RC ln(V₀/V). Ophunzira ambiri amagwa pa chizindikirocho, nkupeza nthawi yobwerera m'mbuyo. Kunena zoona, ntchito yomwe Napier adavutikira idalandidwa ndi kalikuleta m'zaka za m'ma 1970, koma iyi yotsitsa t, yomwe mwini wake sadailote nkomwe, palibe chailanda.

Tengani kapasita ya mamaikrofaradi 1,000 yokhala ndi mavoti 12, muilumikize ku resistor ya ma ohm 10,000. RC ndi masekondi 10. Akatha masekondiwo pamatsala 37 peresenti ya mavoti. Kuti itsike kufika voti imodzi, ln 12 ndi 2.48, ndiye pafunika masekondi pafupifupi 25. Mukafunsa nthawi yofikira ziro, fomulayo imakana, chifukwa simungagawe ndi ziro. Amisiri adangogwirizana kuti RC ikadutsa kasanu, pomwe patsala zosakwana 1 peresenti, aziti yatha. Wokonza TV wosamala amaikhuthula kaye ndi resistor kapasita yaikulu ya mu TV, nkuyeza ndi mita, asanaikhudze ndi chala.