SAMBA: makina oyezera kachilombo ka HIV ku Chiradzulu

SAMBA ndi makina oyezera kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi a munthu amene akumwa mankhwala a ma ARV. Makinawa anapangidwa ndi akatswiri a sayansi a pa yunivesite ya Cambridge ku England, motsogozedwa ndi Dr. Helen Lee, kudzera ku kampani ya Diagnostics for the Real World.

Kuno ku Malawi, makinawa anayamba kugwira ntchito mu 2013 m'boma la Chiradzulu, komwe bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka ma ARV mu 2001. Poyamba, magazi a anthu a m'madera monga kwa mfumu Kadewere ankatumizidwa ku malabotale akutali, ndipo zotsatira zinkachedwa masabata angapo. SAMBA imatulutsa zotsatira tsiku lomwelo, pakangodutsa maola pafupifupi awiri.

Makinawa amachulukitsa tizidutswa ta chibadwa cha kachilomboko kuti tizindikirike, kenako yankho limaoneka ngati mzere pa kapepala. Mzerewo umasonyeza ngati tizilomboti tapitirira 1,000 pa mililita imodzi ya magazi. Tikapitirira, ndiye kuti mwina wodwalayo sakumwa mankhwala mwandondomeko, kapena mankhwalawo asiya kugwira ntchito m'thupi mwake ndipo akuyenera kusinthidwa mwamsanga.

Mu 2016 Dr. Lee analandira mphoto ya European Inventor Award chifukwa cha lusoli. Mu 2020, mtundu watsopano wa makinawa, SAMBA II, unagwiritsidwa ntchito poyeza Covid-19 pa chipatala cha Addenbrooke's ku Cambridge komweko.