Za Kusankha Maphunziro, Kale ndi Lero

Pa masiku ano a cikondwerero, pamene tiri kukumbukira amene anamanga nyumba ya mapemphero ndi sukulu pa malo ano, akulu anapempha ife aphunzitsi a m'midzi kuti tilembeko mau pang'ono. Ife sitinapite patali ndi sukulu. Tinalekera pa sukulu ya misyoni. Koma caka ndi caka ana amene tinawaphunzitsa kugwira pensulo amabwera kwa ife atatsiriza Fomu 2, nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nditenge maphunziro ati, ndisiye ati?" Funso limeneli agogo athu sanalidziwe, ndipo nkwabwino kuti tione kumene linacokera.

Pa sukulu zoyamba za m'midzi panalibe cosankha. Mwana anaphunzira kuwerenga, kulemba pa sileti kapena pa mcenga, masamu, nyimbo ndi Mau a Mulungu. Ndipo amene anaoneka wocenjera anatengedwa kunka ku sukulu ya pa misyoni. Njira zinayamba kugawikana m'caka ca 1894, pamene Dr. Robert Laws anatsegula sukulu yaikuru ya Overtoun pa phiri la Khondowe ku Livingstonia. Kumeneko mnyamata anakhoza kuphunzira uphunzitsi, ubusa, nchito ya cipatala, ukalaliki ndi kutumiza mau pa lamya, kapena nchito za manja monga ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku. Ku Blantyre nakonso anatsegula Henry Henderson Institute m'caka ca 1909. Koma tisanamizane: kawirikawiri wosankha sanali mwana kapena atate wace. Anali Mzungu wa misyoni, amene anayang'ana nzeru za mnyamatayo ndi kusowa kwa misyoni, nati, "Iwe udzakhala mphunzitsi, iwe udzapala matabwa." Asungwana ambiri anawapatsa singano ndi nchito za pa nyumba.

Ngakhale cotero, si onse anakhala pamene anawaika. Clements Kadalie, wa ku Cifira pafupi ndi Bandawe, anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia, koma coko sanacigwire nthawi yaitali. Anayenda kufikira ku Cape Town, ndipo m'caka ca 1919 anayambitsa bungwe la anchito lochedwa I.C.U., limene linagwedeza dziko lonse la South Africa.

Boma la Nyasaland linacedwa ndithu kulowa m'nchito imeneyi. Ofesi yace ya maphunziro inayamba m'caka ca 1926, patapita zaka zoposa 50 cifikire amisyoni. Sukulu ya sekondale yoyamba, ya ku Blantyre, inakhazikitsidwa m'caka ca 1940. Ya Akatolika ku Zomba inatsata mu 1942, ndi ya Boma ku Dedza mu 1951. Mayeso otsiriza anali kucokera ku Cambridge ku Mangalande. Malo anali ocepa kotero kuti nkhawa ya makolo sinali pa maphunziro ati, koma pa kupeza malo kumene. Amene analowa anadya cimene anamuikira m'mbale.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, sukulu zinacuruka. Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira oyamba mu 1965, ndipo kuyambira 1972 ana a Fomu 4 analemba mayeso a dziko lino m'malo mwa a Cambridge. Bungwe la MANEB linatenga nchito yowayendetsa mu 1987. Tichuleko pang'ono za Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981. Kumeneko mwana aliyense anayenera kuphunzira Cilatini ndi Cihelene, afune asafune, pamene Cicewa, cimene mwini sukuluyo anacikweza mu 1968 kukhala cinenero ca dziko, sicinali pa ndandanda. Ngakhale pa sukulu ya ulemu woposa, wosankha anali wina.

Tsono tifotokoze bwino cifukwa cace funso la ana athu liri lolemera, pakuti ambiri a inu makolo ndi akatekisti mumangomva za "mapointi" pa wailesi. Pa mayeso a M.S.C.E. phunziro lirilonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza koposa, 3 kufikira 6 ndiko kukhoza bwino, 7 ndi 8 ndiko kungopulumuka, ndipo 9 ndiko kulephera. Amawerenga maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wacita bwino, naphatikiza manambala ace. Wa mapointi 6 ndiye wopambana onse. Wolephera Cingelezi sapata setifiketi, ngakhale akhoze zina zonse. Cimene ambiri sacidziwa ndi ici: sukulu za ukacenjede sizingoyang'ana kucepa kwa mapointi, zimafunsanso maphunziro amene mwana analemba. Wofuna udokotala kapena uinjiniya sangalowe wopanda masamu ndi sayansi. Kale Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi lochedwa Physical Science, koma pa kusintha kwa maphunziro kwa 2015 anazilekanitsa. Cotero mwana wa zaka 15 kapena 16, posiya phunziro limodzi polowa Fomu 3 cifukwa licita kumbvuta, atseka khomo limene adzagogodapo patapita zaka ziwiri.

Ana a m'midzi yathu ali ndi bvuto linanso. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, ana anasefukira, ndipo ambiri opitirira analowa m'sukulu za sekondale zoyendera, zimene Boma linazipanga kucokera ku sukulu za M.C.D.E. ca ku mapeto a zaka za m'ma 1990. Zambiri za izo zinayamba zopanda cipinda ca sayansi, ndipo ana anaona botolo loyesera mankhwala pa bolodi pokha, lojambulidwa ndi coko. Pa sukulu yotere amauza mwana kuti wasankha, koma camsankhira ndi kusowa. Tamvanso ndi makutu athu akulu ena alikunena kwa asungwana kuti masamu ndi a anyamata, ndipo mau amenewa atipweteka koposa kusowa kwa mabotolo.

Msungwana wina amene tinamphunzitsa m'Standadi 1 anafuna unamwino kuyambira ali wamng'ono. Polowa Fomu 3 anzace anamuopsa, ndipo anasiya Physical Science. Atate wace sanadziwe kanthu, ifenso sitinafunse, ndipo mlandu umenewu tiubvomera. Anakhoza bwino mayeso, mudzi wonse unabvina, koma sukulu ya anamwino inambweza pakhomo. Atate wace anagulitsa mbuzi zinai, ndipo iye anabwerera m'Fomu 3 pa sukulu ya madzulo, nakhala pa benci limodzi ndi mng'ono wace zaka ziwiri. Lero ndiye amene amatiyesa magazi pa cipatala ca misyoni ino.