Mbiri ya Mcenga Wakuda wa ku New Zealand

Ku gombe la kumadzulo la cilumba ca North Island, m'dziko la New Zealand, kuli mcenga wakuda bii umene unacokera ku miyala ya phiri la Taranaki, phiri lophulika moto. Mumcengamo muli citsulo cambiri, koma cosakanizika ndi cina cochedwa titanium. Azungu oyamba kukhala kumeneko anayesa kuti apeza cuma capafupi, osadziwa kuti zidzapita zaka zoposa 100 asanaphulepo kanthu.

Mabvuto anali awiri. Ng'anjo yaikulu ifuna mtapo wa mibulu, kuti mpweya wotentha uzipyola m'mipata. Koma mcenga wosalala unatseka mipata yonse, moto ndi kuzilala. Bvuto linzace linali titanium yemweyo. Pa moto waukali iye agwirizana ndi makala nasanduka phala lolimba, limene linamata pansi pa ng'anjo ndi kutseka ziboo zoturukira citsulo.

Edward Metcalf Smith anazindikira bwino bvuto loyambalo. Iye anasakaniza mcenga ndi dongo naumba njerwa, ndipo m'caka ca 1876 ng'anjo ya ku Te Henui, pafupi ndi New Plymouth, inaturutsadi citsulo. Nzeruyo inali yabwino, koma ndalama zolowa zinaposa zoturuka, ndipo nchito inaima. Enanso anayesa ku Onehunga m'zaka za m'ma 1880, nalepheranso.

Boma linakhazika kampani yofufuza za nkhaniyi mu 1959, ndipo New Zealand Steel inayamba mu 1965. Tsopano akatswiri anasiya ng'anjo yakale. Pa Waikato North Head anakumba mcenga, naupatula ndi maginito, pakuti tizidutswa ta citsulo tikangamira ku maginito, mcenga wacabe ndi kutsala. Wosankhikawo anaupera, nathiramo madzi ndi dongo pang'ono, naugubuduza kufikira unasanduka timibulu tozungulira. Ku Glenbrook timibuluto tinalowa pamodzi ndi malasha a ku Huntly m'ng'anjo yonga mgolo wautali, wogona camcamba ndi wotembenuka pang'onopang'ono. M'menemo mtapo sunasungunuke ai. Malasha anangocotsamo mpweya umene unamanga citsulo. Kusungunula kunacitika pambuyo pace m'ng'anjo ya magetsi, momwe titanium anayandama pamwamba ndi zonyansa zina. Citsulo coyamba ca njira iyi cinaturuka mu 1970.

Koma timibulu, timene anthu anatibvutikira cotere, sitinakhalitse. Tambiri tinaphwanyika m'ng'anjo yotembenukayo, ndipo pfumbi lace linaundana m'mbali mwace, kotero kuti nthawi ndi nthawi anazima moto kuti agumule. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 anayesa kuthira mcenga wosankhika monga unaliri, wosapera ndi wosaumba, naona kuti ng'anjo ya mtundu uwu iulandira bwino. Pamenepo makina oumba timibulu analekedwa. Pa nthawi yomweyo mcenga wa ku Taharoa unayamba kupita pa zombo ku Japan, kuyambira caka ca 1972.