Zilembo ziwiri za kuseri kwa mpanda wa UNZA

Amene munakulira mu Kalingalinga mumaudziwa mpanda wa UNZA. Ambiri timauona ngati malire chabe: uku komboni, uko ophunzira. Koma kuseri kwa mpanda umenewo ndi kumene kunayambira zilembo ziwiri zija, zm, zimene mumaona kumapeto kwa keyala ya pa intaneti mukamafuna fomu ya ntchito ya boma kapena malo ku koleji.

Nkhaniyi ndinaiyamba chifukwa cha mkangano ku wailesi kumene ndimathandiza. Tatopa kukhala ndi tsamba la Facebook lokha, tikufuna webusaiti yathuyathu. Mnzanga wina anati tigule dzina lothera ndi .com, akuti limamveka la kunja. Ine ndinati la .zm. Iye anandifunsa kuti, "Nanga .zm yako ndi ya ndani?" Ndinangoti kukamwa yasa. Manje ndafufuza.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu a ku Computer Centre ya UNZA anali atayamba kale kutumiza imelo. Sinali intaneti imene tikudziwa lero. Kompyuta yawo inkalumikizana pa waya wa foni ndi ina ku Rhodes University ku South Africa pa nthawi zoikika, kusinthana makalata, n'kudula. Yankho unkaliyembekezera ngati basi ya ku Chipata. Mu 1994 yunivesiti inakhazikitsa kampani ya ZAMNET, dzina la .zm linalembetsedwa, ndipo mu November chaka chomwecho Zambia inalumikizidwa pa intaneti mokwanira. Tinali pakati pa maiko oyambirira mu Africa. Nthawi imeneyo nyumba zambiri mu Kanyama ndi Chawama zinalibe ngakhale foni ya waya.

Amene ankagawa maina a maiko anali munthu mmodzi, Jon Postel wa ku University of Southern California ku America. Zilembo sankapeka yekha, ankazitenga pa mndandanda wa bungwe la ISO: Malawi mw, Zimbabwe zw. Mwina mukudabwa kuti bwanji ife sitinatenge za. Zimenezo ndi za South Africa, kuchokera ku dzina lake la Chidatchi, Zuid-Afrika. Chimene ndinakonda ndi lamulo limene Postel analemba mu 1994 lomwelo: wopatsidwa dzina la dziko si mwini wake, ndi wosungira anthu a dzikolo. Ife a kum'mawa izi sitifunika kutiphunzitsa. Mfumu imagawa minda, koma nthaka si ya m'thumba mwake.

Kwa zaka pafupifupi 20 wosunga anali ZAMNET, kampani imenenso inkagulitsa intaneti mopikisana ndi ena. Taganizani mwini kantemba amene ndi yemweyonso amasunga buku la malo onse pa msika. Mu 2009 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lopereka udindowu kwa ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Koma lamulo la ku Lusaka palokha silisintha buku lalikulu la maina a dziko lonse lapansi. Panafunika kupempha ku ICANN, bungwe limene linatenga ntchito ya Postel iye atamwalira mu 1998, ndipo kusinthako kunatheka mu 2014.

Lero zimayenda motere. ZICTA imasunga kaundula wa maina onse othera ndi .zm, ndipo makampani ovomerezeka ndi amene amakulembetsa. Pali zipinda: .gov.zm ya boma, .ac.zm ya masukulu apamwamba, .co.zm ya malonda, .org.zm ya mabungwe. Dzinalo sugula mpaka muyaya, umabwereka n'kumalipira nthawi ikakwana. Ukaiwala, wina akhoza kulitenga. Amene makolo anu ali ndi occupancy licence ya zaka 30 yochokera ku khansolo mwamva kale: nyumba ndi yako, pansi pake ndi pa wina.

Apa mnzanga uja ali ndi mfundo, ndisaname. Mu February 1996, boma la a Chiluba linaletsa kope limodzi la nyuzipepala ya The Post, ndipo ZAMNET inakakamizidwa kulichotsa pa intaneti. Wowerenga wina wa kunja analiikanso kwina, anthu n'kupitiriza kuwerenga. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekeka, tonse tinaona. Pa nkhani ziwirizi palibe amene analandidwa dzina la .zm. Koma kwa wailesi imene imakamba za madzi osefukira ndi zinyalala zosatoledwa, funso lakuti wosunga buku amamvera ndani si laling'ono.

Yankho langa ndi ili. Nayo .com ili ndi mwini buku, kampani ya Verisign ya ku America, ndipo imayendera malamulo a kumeneko. Tsamba la Facebook ndiye kaya, likhoza kutsekedwa usiku popanda ofesi yokagogoda. Pamene mu 2021 bungwe la Chapter One Foundation linatengera ZICTA ku High Court konkuno ku Lusaka, ndipo khoti linalamula kuti atsegule. Wosunga amene ndingamufikire ndi basi imodzi kuchokera ku Matero ndimamuopa pang'ono kuposa amene sindidzamuona nkhope.

Tikumananso Loweruka kuti tivote. Msungichuma wathu wanena kale kuti za Postel sizimukhudza, akufuna kumva mtengo wa chaka chimodzi, ndiponso dzina la munthu amene adzakumbukira kulipiranso chaka chamawa.