Boma Lidabwera ndi Sitima za Pamadzi

Zimenezi ndidazimva kwa agogo anga aamuna, amene ali mnyamata ankadula nkhuni zoyendetsera sitima pa Chiromo.

Azungu asadamange boma, chigwa chino cha Shire chidali m'manja mwa Amakololo amene Livingstone adawasiya kwa Chibisa: Kasisi, Chipatula, Mlauli, Katunga, Maseya. Adalanda mphamvu za mafumu athu Amang'anja, ngakhale Lundu yemwe. Mu 1889 Apwitikizi a Serpa Pinto adakwera ndi mfuti kudzamenyana ndi anthu a Mlauli, ndipo chaka chomwecho John Buchanan adalengeza kuti dera lino lili pansi pa chitetezo cha Angerezi. Pofika 1891 Harry Johnston anali atakhala bwanamkubwa.

Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, ndiye padali pakhomo pa dziko. Katundu yense wochokera ku Chinde ankaima pamenepo kuti alipire kasitomu. Padali nyumba zamalata, masitolo a Mandala ndi a amwenye, asilikali ndi mbendera. Kumunsi kuno adamangako boma lina nalitcha Port Herald, dzina la sitima yawo yankhondo.

Koma boma limenelo adalinyamula pamutu ndi makolo athu. Sitima inkadya nkhuni ngati njovu, moti mitengo ya m'mbali mwa mtsinje idatha n'kudula. Ikafika kwa Katunga, katundu ankamusenzetsa amtengatenga, ulendo wokwera phiri mpaka ku Blantyre, bwana ali gone m'machila. Agogo adanyamulako machila. Ndili mwana ndinkagwira paphewa pawo, padali pouma gwa ngati chikopa cha mvuu, ndipo ankandiuza kuti ndi chidindo cha mtengo wa machila.

Chidawawa kwambiri ndi msonkho wa nyumba, masheleni 3 pachaka. Munthu wolima mapira ndi kupha nsomba ku dambo la Dinde akaitenga kuti ndalama? Ndiye ankapita kukagwira ntchito kwa mzungu, kapena kulima thonje. Wopanda chiphaso cha msonkho amesenjala ankamumanga chingwe m'chiuno, ena ankawatenthera nyumba. Milandu imene kale inkathera pabwalo la mfumu idayamba kupita kwa bwana wosamva chilankhulo, womasulira ali pakati. Komabe abale athu Asena ankabwerabe ambirimbiri, makamaka pa nkhondo ya Makombe mu 1917, poti kwa Apwitikizi chikoti chidaposa cha kuno.

Kenaka madzi a Shire adayamba kuphwa, sitima n'kumatitimira mumchenga. Adayala njanji kuchokera ku Port Herald kudzera pa Chiromo, idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1915 adaitalikitsa mpaka ku Chindio. Chiromo adayamba kuzizira. Agogo adasiya nkhwangwa nakalowa ntchito yosenza mabelo a thonje pasiteshoni pano pa Port Herald, pamene titalandira ufulu tidabwezerapo dzina la Nsanje.