Mizinga iwiri yokha, ndege zili m'mwamba

Abale anga a kuno ku Ntaja, ndi inu muli m'tauni, dzulo ndikupalira chimanga kunadutsa ndege. Ana anathamanga kukaibayibitsa, ine ndinangoima ndi khasu, ndakumbukira malemu agogo. Iwo akamva kulira kwa ndege ankasiya chilichonse n'kukakhala pansi pa mtengo, osayankhula. Ife tinkaseka. Tinali ana, sitinkadziwa.

Agogo anali msilikali wa Keyala, King's African Rifles, gulu limene linkalemba anyamata ambiri a mbali ya kuno n'kuwaphunzitsa ku Zomba. Italy italowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse pa 10 June 1940, bataliyoni yachiwiri ya ku Nyasaland inakatchinjiriza Somaliland ya Angerezi. Mataliyana anabwera mu August, ochuluka, ali ndi akasinja komanso ndege zoponya mabomba.

Tsono tamverani apa. M'dziko lonselo, mizinga yowombera ndege ya mbali yathu inali iwiri yokha, yochokera ku Aden. Iwiri basi! Munda wa mpunga wa maekala khumi, woingitsa mbalame mwana mmodzi, mungakolole? Anyamata ongochoka kumene ku khasu analibe chobwezera, koma kubisala m'maenje ndi m'miyala mpaka ndege zidutse.

Pa mapiri a Tug Argan, pa msewu wochoka ku Hargeisa kupita ku Berbera, Mataliyana anatsekeredwa kuyambira pa 11 mpaka pa 15 August. Kenako akuluakulu analamula kubwerera m'mbuyo, ndipo asilikali anakwezedwa zombo pa doko la Berbera kupita ku Aden. Doko lija Angerezi analilandanso mu March 1941, koma nkhondo ya anthu athu sinathere pomwepo. Ena anakafika ku Madagascar mu 1942, ena ku nkhalango za Burma mu 1944.

Chikundiwawa n'choti madalawa atha, ndipo nkhani zawo zapita nawo. Chipilala chilipo ku Zomba, inde, koma mwala sufotokoza mantha. Mamendulo a agogo tinkaseweretsa pabwalo mpaka anasowa, zoona.

Ndiye ngati pakhomo panu panali wa Keyala, funsani azakhali ndi amalume akadali moyo. Lembani dzina, mudzi, ndi kumene anakafika, ngakhale m'kope la mwana wasukulu. Inu a m'tauni, mukabwera pa Khirisimasi musangobwera ndi shuga yekha, mubwerenso ndi cholembera.